Kodi kuyambira ku Sarria n'kubera? Ndili ndi masiku 12 okha komanso bondo lovuta

NaPhiri_Dublin

Moni nonse abale anga. Ndakhala ndikungowerenga zanu muno kwa miyezi ingapo, lero ndiye ndalimba mtima kuti ndifunseko.

Ndine mayi wa zaka 57, ndimagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalira okalamba kuno ku Dublin. Amuna anga anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Camino de Santiago, ulendo wapansi wachipembedzo wopita kumanda a Yakobe Woyera ku Spain, ankaifuna ndi iwo, osati ine. Anagula mapu a njira yonse ya Camino Francés n'kuwamata ndi selotepi pachitseko cha wadiropu, kuchokera ku Saint-Jean-Pied-de-Port ku France mpaka ku Santiago de Compostela, ndipo mizinda ikuluikulu anaizunguliza ndi bolopeni yofiira: Pamplona, Logroño, Burgos, León. Ndikamaweruka m'mawa maso ali gwaa ndi tulo, ndinkawapeza ataimirira pamenepo akuwerengera ndi chala, amvekere, "Masiku 33 basi, ngati zaka za Ambuye." Ine n'kumawaseka kuti munthu wodikira basi popita ku Misa pafupi pomwepa angathe bwanji makilomita pafupifupi 800. Mapu aja akadali pompo.

Tsopano ndikufuna ndikawayendere ulendowu. Koma kuntchito andipatsa masiku 12 okha mu Seputembala, kuphatikizapo opitira ndi obwerera. Bondo lakumanzere nalo layamba nyamakazi. Pamalo athyathyathya ndimayenda ngati mtsikana, usiku wonse ndimakhala chiimirire, koma potsika masitepe limachita kulira.

Ndinaganiza zoyambira ku Sarria, tawuni ya chakumapeto kwa njirayi, poti akuti kukafika ku Santiago ndi makilomita ngati 115 ndipo satifiketi ya Compostela amapereka ndithu. Nditauza mtsikana wina wakuntchito amene anayenda njira yonse, anangoseka n'kunena kuti oyambira ku Sarria amatchedwa ma turigrino, eti alendo ongodzaona malo amene avala chigoba cha nkhono pachikwama. Anati ndidikire ndidzapume pantchito, kapena ndidzapite mu 2027 pa Chaka Choyera. Zinandilasa mumtima, mwina chifukwa nanenso ndinkaziganiza kale.

China n'chakuti ndili ndi kamwala kamene ndinatola pamanda awo chaka chatha titamanga chiliza. Iwo ankanena za mtanda wachitsulo wa Cruz de Ferro pomwe anthu amasiyapo miyala. Dzulo ndayang'anitsitsa pamapu, ndapeza kuti mtandawo uli kumbuyo kwa Sarria, kutali ndithu. Ndiye ndikayambira ku Sarria, mwalawu ndikausiya pati?

Amene munapitako ndiuzeni zoona, musandinyengerere. Ndipite mwezi wa Seputembala womwewu kapena ndidikire?

Mwendanjira_Leeds

Amayi, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Mulungu apitirize kukutonthozani.

Ine ndinayenda njira yonse mu 2019, masiku 34, ndipo ndiyambe ndi kuulula kuti nanenso ndinali ngati mtsikana wakuntchito kwanuyo. Ukayenda milungu inayi, mapazi atachita zikang'a, malaya ako awiri atasuluka ndi dzuwa la ku Meseta, chigwa chachikulu cha pakati pa Burgos ndi León, kenako n'kufika ku Sarria n'kupeza chinamtindi cha anthu onunkhira sopo, nsapato zili mbee, ana asukulu akuliza nyimbo pa sipika, mtima umaipa ndithu. Tsiku limenelo ndinayenda nkhope ili ndwii, aliyense wondipatsa moni wa "Buen Camino" ndinkangomugwedezera mutu. Anandichiritsa ndi gogo wina wa ku Italy amene ndinamupeza madzulo pamasitepe olowera ku Portomarín mukangowoloka mtsinje wa Miño. Ankakwera sitepe imodzi, kupuma, ina, kupuma, mdzukulu wake atamugwira pamkono. Makilomita 22 amene ine ndinawamaliza ndisanadye nkhomaliro, n'kusamba, n'kuchapa, n'kugonako pang'ono, iye anawayamba kusanache ndipo ankafika dzuwa litapendeka. Ndinachita manyazi ndi nkhope yanga ija.

Nkhani yoti ulendo "weniweni" umayambira ku Saint-Jean ndi ya mabuku a masiku ano. Kale munthu ankayambira pakhomo pake, kaya ndi ku Paris kaya ndi mudzi woyandikana ndi Santiago. Anthu ambiri a ku Spain amayambira ku Roncesvalles, mbali yawo ya mapiri a Pyrenees. Mfumu Alfonso II, imene amati ndiyo inayamba kupita kumanda a Yakobe Woyera ku Santiago m'zaka za m'ma 800, inachokera ku Oviedo, njira ina kotheratu imene lero amaitcha Camino Primitivo. Ngakhale mivi yachikasu imene tonse timatsatira si yakale: anayamba kuijambula ndi bambo Elías Valiña, wansembe wa ku O Cebreiro, m'zaka za m'ma 1980. Woyenda wapansi makilomita 100 omaliza amalandira Compostela, wanjinga 200, ndipo ku Sarria ndi kumene kumayambira anthu ambiri kuposa malo ena onse. Pepala lake ndi limodzimodzi, la woyambira ku France ndi la woyambira ku Sarria.

Tsopano za mwala, poti ndaona kuti pagona nkhani ndi pamenepo. Simukuyenera kusankha pakati pa mtanda ndi Compostela. Masiku anu 12 akukwana zonse ziwiri mukawagawa bwino.

Tsiku loyamba ndi la ndege kukatera ku Madrid, kenako basi kapena sitima mpaka ku Astorga. M'mawa mwake muyende wapansi kuchoka ku Astorga kukafika ku Rabanal del Camino, makilomita ngati 20, chitunda chake chokwera pang'onopang'ono, chimene bondo la nyamakazi silidana nacho kwenikweni. Ku Rabanal kuli amonke a Benedikito, madzulo amaimba mapemphero m'Chilatini m'katchalitchi kakang'ono kakale. Musaphonye. Ine pa ulendo wonse malo amene ndinapempherapo zenizeni, osati kungokhala pabenchi kupumitsa miyendo, ndi amenewo.

Tsiku lachitatu mulawire ndi tochi. Kuchoka ku Rabanal kudzera ku Foncebadón kukafika pamtanda ndi makilomita 7 kapena 8. Ndikuchenjezeni, mtandawo ndi waung'ono, uli pamwamba pa mlongoti wamtengo, m'mbali mwenimweni mwa msewu wa galimoto, ndipo masana pamaima mabasi. Ambiri amakhumudwa nawo. Koma mukafika mbandakucha, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kukuzizira, n'kukwera mulu wa miyala uja mukudziwa kuti uliwonse unanyamulidwa ndi munthu kuchokera kwawo, ina yolembedwa mayina, pena zithunzi za ana, pena makolona, mudzaona nokha. Ine ndinapita wopanda mwala, ndinkati n'zachibwana. Ndinatsikapo ndikupukuta maso.

Mukasiya mwala, chonde musatsike wapansi. Kutsetsereka kochoka pamenepo kudzera ku El Acebo mpaka ku Molinaseca ndi kwautali, kwa miyala yogubuduzika, ndipo ine wamawondo abwinobwino ndinatayako chikhadabo cha chala chachikulu. Bwererani makilomita awiri ku Foncebadón, mumwe khofi, muwapemphe a pabala akuitanireni takisi yokutsitsirani ku Ponferrada. Mukagone kumeneko, muone linga la asilikali a Templar lija ngati mphamvu zilipo. Tsiku lachinayi sitima yodzera ku Monforte de Lemos ikufikitsani ku Sarria.

Kuchoka ku Sarria ambiri amayenda masiku asanu, inu muyende asanu ndi limodzi: Portomarín, Palas de Rei, Melide, Arzúa, O Pedrouzo, Santiago. Chigawo cha Palas de Rei mpaka Arzúa ndi makilomita pafupifupi 29 okwera n'kutsika, n'chifukwa chake ndachidula pakati pa Melide. Mufika tsiku la 10, la 11 ndi la Misa ndi kupuma, la 12 ndi lobwerera. Palibe tsiku lapadera loti bondo likakana mugone, ndiye ngati abwana angawonjezere limodzi, apempheni.

Za 2027 ine ndingati ayi. Chaka Choyera chimakhalapo tsiku la Yakobe Woyera, pa 25 Julayi, likagwa Lamulungu, ndipo Khomo Loyera la tchalitchi limatsegulidwa, n'zokongola ndithu. Koma mu 2024, chaka wamba, olandira Compostela anali pafupifupi 500,000. Ganizirani chaka chimenecho mabedi adzavuta bwanji. Bondo nalo silikudikirani.

WakuSinodi

Pepani mayi ndi zovutazo. Ine si Mkatolika, ndiye ndifunse mosanyoza. Machitidwe 12:2 akuti Herode anapha Yakobo mbale wake wa Yohane ndi lupanga, ndipo zinachitikira ku Yerusalemu. Nanga mafupa ake anafika bwanji kumapeto kwa Spain? Munthu avutike ndi matuza, awononge ndalama zambirimbiri, kukapemphera pamanda amene mwina muli munthu wina? Mulungu amene ali ku Santiago ndi yemweyo ali ku Dublin. Ndalamazo bwanji osathandizira ana amasiye m'dzina la malemuwo?

MayiWaKwaya_Cork

A WakuSinodi, funso lanu si lachilendo, ndiyankheko kaye kenako ndilankhule ndi achemwali angawa.

Mwambo umati ophunzira ake anaika thupi m'bwato n'kukafika nalo ku Iria Flavia, pafupi ndi tawuni ya Padrón. Patapita zaka mazana ambiri, m'ma 800, munthu wina wodzipatula dzina lake Pelayo anaona kuwala m'tchire, bishopu Teodomiro n'kunena kuti manda opezekawo ndi a mtumwi. Mafupawo anadzabisidwanso mu 1589 poopa zombo za Francis Drake, anabisidwa bwino moti anapezekanso mu 1879, ndipo Papa Leo XIII anawavomereza mu 1884. Ndiye inde, m'Baibulo mulibe, ndipo Mkatolika sakakamizidwa kukhulupirira kuti mafupawo ndi a Yakobe. Ine ndinagwada kutsogolo kwa kabokosi kasiliva kaja pansi pa guwa, funso limenelo silinandibwerere n'komwe. Panjira ndinayenda ndi m'busa wachilutera wa ku Germany ndi anyamata awiri a ku Korea achipresibateria ngati inu. Za ana amasiye musadandaule, amayiwa sananene kuti sathandiza. Bambo awo anamata mapu pawadiropu, sanamate chikalata cha bungwe.

Achemwali a NaPhiri, ine ndine turigrino wanu uja, ndinayambira ku Sarria chaka chatha ndili ndi zaka 61, ndipo chikwama sindinanyamule. Ndikunena poyera. Madzulo aliwonse umalemba dzina la kumene ukagone mawa pa kaenvulopu, kuikamo mayuro ochepa, ine ndinkalipira 6, kumangirira pachikwama n'kuchisiya pakhomo. Ukafika umachipeza chikukudikira. Kumsana ndinkangonyamula madzi, jekete lamvula, nthochi ndi mankhwala. Ena amayang'ana kachikwama kako kakang'onoko ndi diso lofiira. Asiyeni. Bondo ndi lanu, ndipo pobwerera muli ndi okalamba oti mukawadzutse pabedi.

Mudziwe chabe kuti malo ogona aboma, ma albergue a boma la Galicia aja a mayuro 10, sasungitsa malo, amene wafika ndi amene wagona, ndipo ambiri salandira zikwama zotumizidwa. Inu woyenda pang'onopang'ono musalimbane ndi mpikisano wa mabedi. Sungitsiranitu ku ma albergue a eni ake, ndi okwererapo pang'ono, ndipo muzinena kuti mukufuna bedi lapansi, "cama baja". Mabedi ake ndi osanja, ndipo kutsika kamakwerero kaja usiku popita kuchimbudzi ndi bondo lotupa si masewera. Mutenge zotsekera m'makutu. Usiku woyamba ku Portomarín tinagona anthu 20 m'chipinda chimodzi, bambo wina ankaliza mkonono ngati jenereta, ine mpaka ndinatha kolona yonse ndi kuyambanso ina. Inu wa ntchito yausiku mwina tulo tanu n'tosokonekera kale, ndiye usiku umodzi kapena uwiri dzilipirireni kachipinda kanokha. Musanayale, yang'anani m'mphepete mwa matiresi ngati muli timadontho takuda ta nsikidzi. Ine sindinakumane nazo, mnzanga anadyedwa.

Kabuku ka zidindo, credencial, kasamaleni ngati pasipoti. M'makilomita 100 omalizawo pamafunika zidindo ziwiri tsiku lililonse. Sizovuta: pabala pomwe mwamwa khofi, kutchalitchi, kogona, paliponse pali chidindo. Zimene mudzadinditse ku Astorga ndi ku Rabanal zidzakhala zokumbukira chabe, oona kuofesi amayang'ana kuyambira ku Sarria. Musadzakwere galimoto pakati pa Sarria ndi Santiago.

Mvula ku Galicia imagwa mosapempha, ngakhale mu Seputembala. Nsapato zikhale zimene mwayenda nazo kale, zokulirapo pang'ono poti mapazi amatupa, ndi ndodo ziwiri, osati imodzi. Mafuta a Vaseline kumapazi m'mawa uliwonse musanavale sokosi. Mukangomva penapake pakutentha, khalani pansi pomwepo mumatepo pulasitala, musati ndikaona ndikafika. Ndinatero tsiku lachiwiri, ndinalipira masiku anayi.

Njira yake ndi ya midzi ing'onoing'ono, fungo la ndowe za ng'ombe, timakoma tamiyala, kenako nkhalango za bulugamu chakumapeto. Pali zipilala zamiyala zolemba makilomita otsala, ndipo zimakunyengerera bwino: ukaona 99 mtima umadumpha ngati wafika. Tchalitchi cha ku Portomarín mukachiyang'anitsitse, miyala ina ili ndi manambala. Tawuni yakale inamizidwa ndi damu la Belesar m'zaka za m'ma 1960, ndiye tchalitchicho anachiphwasula mwala umodziumodzi n'kukachimanganso pamtunda. Ku Melide aliyense amadya pulpo, nyama yam'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu ija, yowaza tsabola wofiira pambale yathabwa. Ndinalawa kachidutswa kamodzi chifukwa cha ulemu, n'kuitanitsa supu.

Koma chimene ndalembera zonsezi ndi ichi, poti a Mwendanjira sanachitchule. Mukafika kuofesi ya amwendamnjira ku Rúa Carretas, muwauze kuti ulendowu mwayendera amuna anu amene anamwalira. Pa Compostela amalemba dzina lanu, kenako amawonjezera mawu a Chilatini akuti "vicarie pro" ndi dzina lawo, kutanthauza kuti mwayenda m'malo mwawo. Ndi mwambo wovomerezeka, si kupempha chifundo ayi. Ine ndinayendera mng'ono wanga. Mnyamata amene ankalemba anandifunsa kalembedwe ka dzina lake kawiri, chilembo chimodzichimodzi, ndipo nditaona inki ikuuma pa dzinalo ndinalephera kunena zikomo. Lembani dzina la bambo papepala mulitenge, pakamwa padzakuvutani.

Misa ya amwendamnjira yotchuka ndi ya 12 koloko masana, mulawirire chifukwa mumadzaza, ndipo zikwama zikuluzikulu salola kulowa nazo. Poyamba amawerenga maiko a anthu amene afika ndi kumene anayambira. Chofukizira lubani chachikulu chija, Botafumeiro, cholemera makilogalamu oposa 50 chimene amachikoka amuna 8, sachigwedeza tsiku lililonse. Ine sindinachione. Musaike mtima pamenepo.

Kondwa_92

Amayi, chimodzi chokha chimene akuluakuluwa aiwala. Ireland sili mu Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, koma Spain ilimo. Ngati mukadali ndi pasipoti yakumudzi, khadi lanu lokhalira ku Ireland silikulowetsani ku Spain, mufunika viza ya Schengen, ndipo amafuna kuona tikiti yobwerera, inshuwalansi ndi kumene mukagone. Nthawi yotentha anthu ofuna viza amachuluka, ndiye yambani sabata ino, osati mu Ogasiti. Kusungitsa malo ogona kumene anena a MayiWaKwaya kukuthandizaninso pamenepa. Ngati munatenga kale pasipoti ya ku Ireland, iwalani zonsezi.

WakuSinodi

Ndamva mayi a kwaya. Za mafupazo sitigwirizana, koma za mapu pawadiropu mwandigonjetsa. Mayi NaPhiri, muyende bwino.

NaPhiri_Dublin

Abale anga, ndawerenga mayankho anu panthawi yopuma cha m'ma 3 koloko usiku, m'kakhitchini ka kuntchito, mpaka mnzanga anandifunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi. Za "vicarie pro" sindinkazidziwa n'komwe. Achemwali a ku Cork, Mulungu akudalitseni, ndipo pepani ndi mng'ono wanu.

A Mwendanjira, ndatenga ndondomeko yanu yonse monga mwalembera. Ndinakapempha tsiku lowonjezera, andipatsa, koma ndilipira pogwira usiku wa Khirisimasi. Palibe kanthu. Tsiku limenelo ndilisunga m'thumba, likapanda kufunika panjira ndidzakhala masiku awiri ku Santiago. Mwana wanga wamkazi atamva za kukwera phiri ndi tochi mbandakucha anakalipa pafoni, mapeto ake akuti abwera tidzayende limodzi kuchoka ku Astorga mpaka pamtanda, kenako iye adzabwerera kuntchito. Ndiye mwala wa bambo ake adzaponya ndi iyeyo kapena ine, tikakanganirana komweko.

A Kondwa zikomo mwanawe, pasipoti ndi yakumudzi ndithu, mafomu ndayamba kudzaza. A WakuSinodi musadandaule, amuna anganso anakulira kwanu komweko asanandikwatire, ndipo funso lanulo ankalifunsa okha uku akuzunguliza mizinda ndi bolopeni.

Ndagula ndodo ziwiri. Loweruka ndinayesa makilomita 12 m'mbali mwa nyanja, bondo linangodandaula pang'ono pomaliza, koma chala chaching'ono chatuluka thuza, ndiye nsapato zija n'zothina, munanena zoona. Mtsikana wakuntchito uja ndamuuza kuti ndikupita. Wangoti ndibwereke jekete lake lamvula, akuti langa ndi la mutawuni.

Dzulo ndinayesa kumatula mapu aja kuti ndidzawatenge. Selotepi yagwira zolimba, ang'ambika pang'ono pa Burgos, ndiye ndawasiya kaye. Alipo akudziwa kamatulidwe ka selotepi yakale osang'amba pepala?